Mvuu ya Miyendo Isanu

Pamene Pauline amatuluka m'nyumba ndi beseni la makapu, azakhali ake a Felistus anali atamaliza kale khutu limodzi ndi tsaya lonse la kumanzere. Anali atagwada pachipata, chitenje atachimanga zolimba m'chiuno, akukwecha mvuu ya mkuwa ya malemu mlongo wawo ndi phulusa, mchenga ndi mandimu odula pakati. Amayi awiri a bungwe la Anna Woyera ankawathirira madzi. Paliponse pamene panadutsa dzanja la a Felistus, mkuwa unali waliwali ngati poto wa ukwati.

Pauline anaika beseni pansi mwachangu, makapu awiri n'kugubuduka.

"Anti, siyani. Chonde siyirani pomwepo."

"Nisiye bwanji, mwana iwe? Masana ano abale akhala pansi kugawa katundu wa atate ako. Ufuna aone chinthu chandere chonchi, akanene kumudzi kuti m'nyumba muno mulibe azimai?"

"Si ndere imeneyo. Ndi mtundu wake. Patenga zaka twente kuti ibiriwire chonchi."

"Zaka twente osasamba," anatero a Felistus akufinyira ndimu pamphuno pa mvuuyo, "ndiye iwe ukunyadira."

Pauline anawalanda ndimu lija m'manja, chinthu chimene mwana wolemekeza akulu sachita tsiku lotsatira maliro. Amayi a Anna Woyera anayang'anana, n'kunyamula ndowa zawo kubwerera kuseri kwa nyumba. A Felistus anadzuka pang'onopang'ono, akugwira maondo, ndipo anangoti, "Sukulu nayo imaononga," n'kuwatsata.

A Samson Daka anali ataikidwa dzulo lake kumanda a ku Chingola Road. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi kumalo osungunulira zitsulo a mgodi wina ku Kitwe, akuumba zikombole za zipangizo zimene palibe amaziyang'ana kawiri. Migodi itagulitsidwa, anawachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo ambirimbiri. Anzawowo ena anayamba kuotcha makala, ena anabwerera ku Katete ndi ku Petauke, ena mowa unawatenga. A Samson anamanga ng'anjo kuseri kwa nyumba yawo ku Bulangililo, n'kumasungunula mipope yakale ya madzi ndi zotsekera mapaipi. Ankaumba mabelu a sukulu ndi zigwiriro za zitseko kuti pakhomo pasagone njala. Koma chimene chinkawadzutsa m'mawa chinali china: nyama zojambulidwa ndi ana.

Mwana akajambula galu wamapiko, a Samson ankaumba galu wamapiko ndi phula la njuchi, n'kumumata dongo, n'kuotcha kuti phula lituluke, kenako n'kuthiramo mkuwa wosungunuka. Sankakonza kalikonse. Ankati mwana akajambula maso atatu ndiye kuti waona atatu, ndipo wamkulu amene waona awiri asadzitame.

Mvuu ndiyo inali yoyamba ndiponso yaikulu kuposa zonse. Inali ngati ng'ombe yaing'ono, koma miyendo yake yaitali ngati ya tebulo. Miyendo inayi inavala jombo za mumgodi. Wachisanu, umene unatsika chapakati, unali wopanda nsapato. Kukamwa kwake inkamwetulira ngati yangomva miseche. A Samson anaiumba zidutswazidutswa kwa zaka zitatu, n'kuilumikiza, n'kuiimika pachipata. Mvula ya ku Kitwe inaibiriwitsa thupi lonse, kupatula msana, makutu ndi mphuno, zimene zinkawala ngati golide.

Chithunzi chake anajambula ndi Pauline ali Giredi Wanu, ndipo aphunzitsi anachidula ndi cholembera chofiira chifukwa cha mwendo wachisanu uja. Pamene mvuuyo imaimikidwa, iye anali namwali wa ku sekondale, wa msinkhu umene munthu amachita manyazi ndi chilichonse cha kwawo. Zinafika poipa pamene ana a m'Bulangililo anayamba kuitchula mvuuyo kuti Ba Pauline. Pauline anali ndi thupi kuyambira kale, ndipo sanafune womasulira. Anakhulupirira kuti dzinalo analiyambitsa ndi mlongo wake wamng'ono, Dennis, ndipo ngakhale tsopano, ali ndi zaka makumi anayi, nyumba yake ku Northrise ndi ofesi yake ku Ndola, nkhaniyo inali isanamuchoke pamtima.

Komabe sabata imeneyi anali wokonzeka kumenyana ndi aliyense chifukwa cha mvuu yomweyo. Chaka chathachi mnzake wina anaonetsa foto ya mvuuyo kwa mayi Gwen Nyirenda a ku Itawa, amene amayang'anira nyumba yoonetsera zaluso ku Ndola. Mayi Gwen anakwera galimoto tsiku lomwelo kudzaiona. Anaizungulira katatu, n'kunena kuti pa zosema ndi zoumba za masiku ano zimene anaziona m'maiko ambiri, iyi ingaime pakati pa zonsezo osachita manyazi. Anapempha kuti ikakhale m'chipinda chachikulu, dzina la mmisiri litalembedwa pakhoma. Pauline anawapempha atate ake kawiri konse. Kawiri konse anayankha zofanana: "Ili ndi miyendo faifi, mama. Ikafuna ku Ndola idzayenda yokha."

Tsopano atate anali atapita. Pa pepala la mwambo wa maliro panalembedwa kuti anali wopuma pantchito ya mgodi, basi, ngati kuti zaka makumi awiri zapitazi ankangoothera dzuwa. Zimenezi zinamupweteka Pauline kuposa mmene amayembekezera.

Masana abale anakhala pansi m'chipinda chochezera, momwe mipando inali itatulutsidwa chiyambire maliro. Amuna anakhala pa mabenchi a kutchalitchi, akazi pamphasa. Amayi a Pauline, a Edna, anali pakona atavala duku lakuda, mutu uli pansi. Mkazi wamasiye pa tsiku ngati limeneli samatsutsa kanthu. Akafunsidwa amayankha kuti zili kwa eni ake, ngakhale mtima ukunena zina.

Wotsogolera anali a Masauso, mng'ono wa malemu, amene anabwera pa basi kuchokera ku Katete. Sanali a gulu lija lolanda amasiye. Ananena poyambirira pomwe kuti nyumba ndi ya alamu awo ndipo aliyense woganiza zina akaganizire panja. Kenako anayamba kutulutsa zovala m'sutikesi chimodzichimodzi. Malaya anapita kwa adzukulu, jekete kwa msuweni wa ku Chamboli, njinga kwa mphwake wina. Ng'anjo, mbaniro ndi zida zonse anapereka kwa Dennis, amene amagwira ntchito mumgodi ndipo Loweruka lililonse ankathandiza atate ake kuthira mkuwa. Zonse zinayenda bwino mpaka a Masauso anavula magalasi n'kuloza pazenera.

"Manje chinyama chija. M'basi sichingalowe, ndipo kumudzi chingathawitse ng'ombe. Tichite nacho bwanji?"

Msuweni wa jekete uja anatsokomola n'kunena kuti alipo anthu ogula zitsulo zakale amene amalipira bwino mkuwa. Onse anamuyang'ana, ndipo iye anayamba kuyang'ana mabatani a jekete lake latsopano.

Pauline anasendera kutsogolo, n'kugwada.

"Atate aang'ono, ndipatseni ine. Osati ya m'nyumba mwanga, iyayi. Ku Ndola kuli malo amene akuidikira. Ikakhala m'kati, mvula osaigwera, munthu osaikanda. Anthu ochokera ku Lusaka ndi kunja adzaiona, adzawerenga dzina la Samson Daka pakhoma. Atate anali mmisiri wamkulu, koma kupitirira msika wa Bulangililo palibe awadziwa. M'mawa muno mwaona nokha zimene zachitika ndi mandimu. Ikatsala pano, tsiku lina tidzaipeza ataidula miyendo anthu a zitsulo."

Analankhula bwino, monga amalankhulira pamisonkhano ya kuofesi, ndipo mitu ingapo inagwedera.

"Ine nili na funso," anatero Dennis ali chikhalire. "Ba sisi, ku Ndola kuja ana adzaloledwa kukwerapo?"

"Ukudziwa kuti sangaloledwe. Adzaizinga ndi chingwe."

"Ndiye madamu aja adzakhumudwa. Anakonda msana uja, ati uwala ngati golide. Uja si polishi. Aja ni matako a ana a m'Bulangililo, zaka twente."

Amuna anaseka, ndipo a Felistus anabisa pakamwa ndi chitenje.

"Zobiriwira zimene achotsa anti zibwerera na mvula imodzi," anapitiriza Dennis. "Koma mukaiika m'nyumba na chingwe, chaka chimodzi chabe msana uja uzada. Muzakhala na mvuu yakufa."

"Iwe wakhala ukuseka za mvuu imeneyi kuyambira uli mwana," anatero Pauline. "Ndiwe unaipatsa dzina langa kuti komboni yonse izindiseka. Lero usandiphunzitse kuikonda."

Dennis anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana amayi ake pakona paja, n'kutsekanso. A Masauso anakweza dzanja.

"Pamaliro sitikumba nkhani za kale. Alamu, muli ndi mawu pa chinyama chimenechi?"

A Edna sanadzutse mutu. "Zili kwa inu, alamu."

A Masauso anaganiza kanthawi. Anali munthu wolemekeza mapepala ndi makoma olembedwa maina. "Mwana wamkulu waona patali," anatero. "Dzina la achimwene likaonekere. Pauline, ndi yako. Uchite monga wanenera."

Pauline anaomba m'manja mwaulemu. Anali atapambana, ndipo anadabwa kuti mtima wake sunapepuke.

Tsiku lomwelo anaimbira mayi Gwen, n'kugwirizana kuti lole ibwere Loweruka m'mawa. Kenako anatenga chingwe choyanikira zovala, n'kukhoma zikhomo zinayi, n'kuizinga mvuuyo kuti pasapezeke wina woionjezera mabala. Pofika Lachisanu tenti inali itachotsedwa, a ku Katete ambiri atakwera basi, mipando itabwerera m'nyumba. A Edna anakhala pakhonde akusenda mtedza wotsala pamaliro. Pauline anakhala pambali pawo ndi lichero.

Sukulu itaweruka, ana anayamba kudutsa mumsewu ndi zikwama kumsana. Ankafika pachipata, n'kuima, n'kuyang'ana chingwe, n'kupitirira. Kamtsikana kena kovala yunifolomu yobiriwira kanaima nthawi yaitali, kenako kanafunsa m'Chibemba, "Baleya kwi ba Pauline?"

Kankafunsa kumene mvuuyo ikupita. Pauline anamva kutentha kumaso ngati kale lija.

"Pita kwanu," anatero. Kamwanako kanapita, kakucheuka.

A Edna anaswa mtedza wina, n'kuuponya m'lichero. "Kwangoti zii," anatero. "Ngati ku Northrise kwanu."

"Amai, mukadakhala ndi mawu mukadanena dzana."

"Dzana sinali nthawi yanga yolankhula."

"Nanga lero?"

A Edna sanayankhe mwachindunji. Sanali munthu wotero. "Atate ako akamadwala, bedi tinalikokera pafupi ndi zenera. Sankatha kudzuka kuti aone, koma ankamva. Akamva phokoso ankati, aweruka. Akamva kulira ankati, wina wagwa, Edna kamuone. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula kuti ana a eni andithera maluwa pachipata. Sindinkadziwa kuti tsiku lina nidzakhala pano kumvetsera ngati abwera."

Pauline anayang'ana m'lichero. Anadziwa chimene amayi ake amapempha, ndipo anadziwanso kuti sangachipereke. Panali ngongole ya mumtima imene amayi sakanaimvetsa. Zaka zonse za ku koleji sanabweretse mnzake ndi mmodzi yemwe pakhomo pano, kuopa kuti aona bambo wovala ovolosi yong'ambika akuseweretsa phula ngati mwana. Atafunsidwa ntchito ya atate ake ankati anapuma. Khoma la ku Ndola linali njira yokhayo imene inatsala yopepesera.

"Ukukumbukira chifukwa chake ili ndi miyendo isanu?" anafunsa a Edna.

"Ndinalakwitsa kuwerenga. Ndinali mwana."

"Sunalakwitse. Unabwera ukulira ndi pepala lodulidwa zofiira, atate ako n'kukufunsa kuti uwu wapakatiwu ndi wachiyani. Iwe unati ndi wopumitsa anzake. Wina ukatopa umavula jombo, uwu n'kuvala, n'kumayenda. Atate ako anati, ndagwira ntchito ndi mainjiniya a ku Ulaya, palibe anaganizapo zimenezi. Pepala lija analisunga m'buku la mapemphero zaka teni."

Pauline sanakumbukire chilichonse cha zimenezo. Ankangokumbukira cholembera chofiira.

Loweruka lole inafika dzuwa litakwera pang'ono, yokhala ndi mkono wachitsulo wonyamulira katundu. Kumbuyo kwake kunali kagalimoto ka mayi Gwen. Anali mayi wa imvi zometedwa bwino, woyenda ndi ndodo chifukwa cha bondo. Anayamba walowa m'nyumba kukapepesa maliro kwa a Edna, n'kukhala pamphasa monga mwa mwambo ngakhale kudzuka kunawavuta. Atatuluka anaona tsaya lokwechedwa lija, ndipo Pauline anayamba kufotokoza mwamanyazi.

"Musadandaule," anatero mayi Gwen. "Kwathu ku Ekwendeni agogo anga akadachita chimodzimodzi. Zibwerera." Anasisita msana wa mvuuyo ndi chikhatho. "Koma apa pokha, sindidziwa kuti bambo anu anapapanga bwanji."

Dennis, amene anali atatsamira mpanda, anayang'ana kumwamba.

Anthu anali atayamba kusonkhana mumsewu, amayi a pamsika ndi ana ambiri amene Loweruka alibe kopita. Amuna a lole anachotsa chingwe choyanikira chija, n'kukulunga malamba awo m'khosi ndi m'chiuno mwa mvuu. Mayi Gwen anatulutsa pepala m'chikwama.

"Tisanainyamule, pali chimodzi. Ndiyenera kulemba pamene mmisiri anasaina. Amisiri a mkuwa amaika dzina penapake, kawirikawiri chakumunsi. Ndi umboni wakuti ntchito ndi yawo, ndipo pakhoma timalemba monga momwe iwo analembera."

Pauline anayang'ana pa jombo iliyonse. Anayang'ana kuseri kwa makutu, pansi pa chibwano, pamchira. Panalibe kanthu. Atate ake anali munthu wolemba dzina lake ngakhale pa khasu, ndiye zikanatheka bwanji kuti asalembe pa ntchito ya zaka zitatu?

"Dennis, atate anasaina pati?"

"Kumimba."

"Kumimba kuti?"

"Pansi, ba sisi. Mufunika kukwawa."

"Ndipo zaka zonsezi sunanene?"

"Simunafunsepo. Safunsa anadya phula."

Mayi Gwen anayang'ana bondo lawo n'kupukusa mutu. Mmodzi wa amuna a lole anati akhoza kuinyamula kaye kuti aone bwino, koma a Edna, amene anali atatuluka n'kuima pakhonde, analankhula mokweza koyamba chiyambire maliro.

"Muisiye ili chiimire. Alowe yekha."

Pauline anayang'ana khamu lija mumsewu. Anali mayi wa udindo, wovala chitenje cha maliro pamwamba pa siketi yabwino, ndipo theka la Bulangililo linali kudikira kuona Ba Pauline akulowa pansi pa Ba Pauline. Anavula nsapato, n'kupatsa Dennis foni, n'kugwada. Ana ena anaseka, mayi wina n'kuwakalipira.

Pansi pa mvuu panali pozizira. Dothi linali losalala ndi lolowa pang'ono, lokumbika ndi maondo a anthu ang'onoang'ono. Panali zitsekerero za mabotolo zoikidwa pamzere, ndi kang'ombe kadongo kothyoka nyanga kotsamira mwendo wachisanu uja. Pauline anadzikoka ndi zigongono, n'kutembenuka chagada, mphuno yake itatsala pang'ono kukhudza mkuwa.

Zilembo zinali pomwepo pamwamba pa nkhope yake. Sizinali zozokota pambuyo pake. Zinaumbidwa pamodzi ndi mimbayo, zotukuka, zazikulu ngati za m'buku la Giredi Wanu, zoti chala cha mwana chikhoza kuzitsata.

WOPANGA: PAULINE DAKA, ZAKA 6

Dzina lake linali kuwala kuposa msana, kuposa makutu. Zala zambirimbiri zinali zitadutsapo, chilembo ndi chilembo. Anaona m'maganizo mwake ana atagona pamene iye wagonapa, wamkulu akuphunzitsa wamng'ono kuti ichi ndi P, ichi ndi A, ndipo anamvetsa kumene dzina lija linachokera. Sanali Dennis. Panalibe amene ankamuseka. Ana a m'Bulangililo ankangotchula chimene anawerenga, mwina mawu oyamba amene ena a iwo anawerenga okha.

Pansi pa mzerewo panali wina wa zilembo zing'onozing'ono, wobiriwira, woti zala sizinkaulabadira. Anachita kutsinzinira kuti auwerenge.

wothandiza: atate ake

Pauline analira. Pamanda analira monga momwe mwana woyamba amalirira, anthu atamugwira mikono. Apa analira yekha, mwakachetechete, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo sanafune kutulukamo.

"Mwapeza?" anafunsa mayi Gwen patapita nthawi, atawerama momwe bondo linawalolera.

"Ndapeza."

"Alemba bwanji? Samson Daka, kapena S. Daka?"

Pauline anawawerengera mizere yonse iwiri. Kenako anamva mayi Gwen akupuma mozama, ndi pepala likupindidwa.

Anatuluka chobwerera, msana wonse uli dothi, tsitsi litatola zinyalala. Anaima, n'kuyang'ana Dennis.

"Ndakunamizira zaka zambiri."

"Nazolowera," anatero Dennis, koma anayang'ana kumbali n'kupukuta m'maso ndi mkono. "Zonse zili chimodzimodzi, ba sisi. Galu wamapiko, kamba wa panjinga, zonse zili m'shedi. Mukazitembenuza mupeza dzina la mwana. Atate sanasainepo olo chimodzi."

"Zing'onozing'onozo ndingakonde kuziona," anatero mayi Gwen mofatsa. "Ngati eni ake angapezeke n'kuvomera. Tsiku lina, osati lero."

Woyendetsa lole anayang'ana wotchi. "Madamu, tinyamule? Pa leveni awazi tifunika ku Ndola."

"Masulani malamba," anatero Pauline.

"Timasule?"

"Mwini wake wakana."

Munthuyo anayang'ana mnzake, n'kuyang'ana nyumba imene inali ikadali ndi phulusa la moto wa maliro pabwalo. "Pepani madamu, nimayesa mwini wake ni amene anamwalira."

"Iyayi," anatero Pauline. "Aja anali wothandiza chabe."

Malamba anamasulidwa. Lole isanatembenuke n'komwe, kamtsikana ka dzulo kaja kanali katakwera kale pamsana, anzake awiri akukankhana pa jombo yakutsogolo. Wina anagwa n'kuyamba kulira. A Edna anatsika pakhonde, akukalipa kuti maluwa awo atha, ndipo anakamudzutsa n'kumusasa fumbi.

A Felistus anali ataima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno, akuonerera zonsezi ngati munthu amene milandu yake yatha bwino. Pauline anapita kwa iwo, n'kugwada pang'ono.

"Anti, mandimu aja anatsalako?"

"Ati si ndere," anatero a Felistus. "Ati ni mtundu wake." Koma analowa m'khitchini, n'kubwera ndi theka la ndimu ndi phulusa pang'ono pa chivundikiro cha poto.

Pauline anabwerera pachipata, n'kupempha ana awiri amene anali pansi pa mvuu kuti amusendereko. Anagonanso chagada pakati pawo. Anaviika ndimu m'phulusa, n'kuyamba kukwecha mzere waung'ono uja pang'onopang'ono, kuti chala cha mwana chikamaliza dzina la Pauline chizitsikira pa mawu awiri otsiriza aja.